Miyala pa Denga la Ana: Pempho kwa Anthu a ku Chimadzi ndi Tete Yense



Usiku wa Lachinayi lapitali, cha m'ma 11 koloko, miyala inavumba pa denga la nyumba ya chipata chotseka ija, yolerera ana a ulumali. Sanali ana osewera ayi. Anali anthu akuluakulu, ena mawu awo tinawazindikira, ndipo anagenda mpaka malata kubooka pawiri. M'katimo munagona ana amene ambiri sangadzuke okha pamphasa, nanji kuthawa. Mmodzi anagwa khunyu katatu kusanache. Ife makolo, alezi ndi anansi a nyumbayi tati tilembe lero, kusiyana n'kudzalankhula pa maliro.

Zimene zikukambidwa pa mpopi, mu chapa, pa msika wa Kwachena ndi pa WhatsApp tazimva zonse. Akuti m'nyumbamo akuweta ndondocha. Akuti anawo anawakhwimira a mabizinesi kuti ndalama zizibwera. Akuti kulira kwa usiku n'kwa ana opopedwa magazi. Kodi taiwala kale za 2017? Mphekesera ya anamapopa itagwira Mulanje, Phalombe ndi Thyolo kutsidya kwa malire uko, anthu anaphedwa popanda mlandu, ndipo mmodzi mwa amene anaphedwa ku Blantyre anali mnyamata wodwala khunyu. Nazonso zinayamba ndi "akuti".

Popeza chipata chotsekacho ndiye chakuvutani, tikutsegulireni ndi mawu.

M'nyumbamo kumacha 4 koloko, dzuwa la kuno lisanayambe kuwotcha. Inu eni ake mukudziwa kuti mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40. Ntchito yoyamba ndi kuchapa: matewera, zitenje, zofunda zonyowa za usiku wonse. Ngati mpopi wauma, alezi amasenza zigubu monga mmene mumachitira inuyo, kungoti iwo amafuna madzi ochuluka kuposa banja lililonse. Kenako phala. Mwana wopuwala chifukwa cha kuvulala kwa ubongo sameza ngati anzake. Phala lake limasefedwa, amamukhazika tsonga, mutu osagwera kumbuyo, n'kumamupatsa kasupuni kamodzikamodzi, chifukwa likalowera ku mapapo chimatsatira ndi chibayo. Mbale imodzi ingathe ola lathunthu. Akatha, mlezi amapita kwa mwana wina, mbale yake n'kuyamba naye pachiyambi.

Mankhwala a khunyu amamwedwa pa nthawi yake tsiku ndi tsiku, osadumphitsa. Ana amene satembenuka okha amawatembenuza pakatha maola awiri aliwonse, usana ndi usiku womwe, kuopa zilonda za pamsana ndi m'chiuno, zimene m'chitungu chathu chino zimanyeka msanga. Dzuwa likapendeka amawaongola manja ndi miyendo kuti mfundo zisaumirire. Zimenezi zimapweteka, ndipo ana amalira. Wina amalira usiku chifukwa minofu yamukokana. Wina salankhula, moti akamva ludzu kapena magetsi akathima, chimene ali nacho ndi kukuwa basi. Kulira kumene mukumva ndi kumeneko. Chipata chimatsekedwa chifukwa muli mnyamata wina wothamanga ngati mphepo amene saopa galimoto. Kawiri konse anakamugwira ali pakati pa msewu.

Musaganize kuti ndi nyumba ya misozi yokhayokha. Muli mtsikana wosamva amene waphunzitsa nyumba yonse kulankhula ndi manja, ndipo akamanena alezi miseche pamaso pawo, anzake amagwa n'kuseka. Muli wina amene wayamba kugwira yekha kapu chaka chino, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tsiku limenelo kunaphikidwa mpunga.

Koma za ndondochazo sizinatipweteke ngati mawu amene ananenedwa poyera, masana, ndi anthu opemphera: akuti mayi weniweni sataya mwana wake kwa anthu. Akuti ife tinataya ana.

Tinataya? Mmodzi wa ife anabereka mwana kumsana zaka zisanu ndi ziwiri, akugulitsa tomato, akutunga madzi, akukwera naye chapa kupita ku Hospital Provincial, mpaka msana unakana. Bambo wa mwanayo anachoka mwana ali ndi miyezi isanu, atanena kuti kumtundu kwawo kulibe zotere. Inu amene mukuweruza lero, ndani mwa inu anabwerapo n'kunena kuti, "Mayi, bweretsani mwanayo ndimusunge, inu mupite kumsika"? Ndani? Paukwati munkatiuza kuti timusiye kunyumba, asadetse zithunzi. Kutchalitchi munkasuntha pa benchi malovu ake akayamba kudontha. Eni nyumba za lendi ankatikana akangomuona. Mwana ali mmanja mwathu munkati tinalakwira mizimu. Lero akudya, akusamba, akumwa mankhwala pa nthawi yake, mukuti tinamugulitsa. Nanga tichite chiyani kuti mukhutire? Timutsekere m'chipinda, kapena timumange chingwe kumwendo pa mtengo wa msawu, monga zikuchitikira m'makomo ena amene tonse tikuwadziwa koma palibe anawagendapo?

Wanu akapita kukagonera kusukulu ku Beira kapena ku seminale, mumaphika nkhuku, mumati mwana wapita kukaphunzira. Boma lenilenilo lili ndi malo ophunzitsira ana a ulumali, CREI, kuno ku Tete, amodzi mwa atatu m'dziko muno, ena ali ku Gaza ndi ku Nampula, ndipo ana amachokera kutali kudzakhala kumeneko. Amenewonso anatayidwa? Sitikukana, mwana amakula bwino pakhomo pa makolo ake, ndipo palibe mwa ife amene anasiya wake akumwetulira. Timapita Loweruka ndi Lamlungu, timachapa nawo, pa tchuthi timawatenga. Ena mwa anawo ndi amasiye, anali ndi agogo okalamba ku Angónia ndi ku Macanga amene sakanatha n'kuwanyamula komwe. Mukadzatithandiza kuti ana athu azikhala m'makomo mwathu mosatonzedwa, tidzakhala oyamba kukawatenga. Koma mwala sunalerepo mwana.

Za kukhwimirazo, funsani anamwino. Mwana akachedwa kupuma pobadwa, ubongo umavulala. Chikasu chachikulu m'masiku oyamba chimachitanso chimodzimodzi. Malungo okhudza ubongo ndi matenda oumitsa khosi amatha kusiya mwana amene ankayenda ndi kulankhula ali wosamva, wopuwala kapena wa khunyu, ndipo udzudzu wa m'mbali mwa Zambezi ndi Revúboè sufunsa kuti uyu ndi mwana wa yani. Akuluakulu anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Kalembera wa 2017 anapeza anthu a ulumali oposa 700,000 m'Mozambique muno. Onsewa anawakhwimira? Chikhala choncho, bwenzi dziko lino litalemera kalekale.

Ndipo khunyu sapatsirana, kaya ndi malovu, kaya ndi mpweya woipa. Tikubwereza zimenezi chifukwa mwezi wathawu mtsikana wina wa m'nyumbamo anagwa pafupi ndi mpopi, anthu n'kumuzungulira chapatali, atatseka pamphuno, mutu wake ukumenya simenti. Anasokedwa pachipumi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse limati anthu asanu ndi awiri mwa khumi alionse odwala khunyu angathe kusiyiratu kugwa atamalandira mankhwala oyenera. Chimene chimawapha kawirikawiri ndi moto, madzi, ndi anthu oonerera.

Kwa amene anagenda: dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu a ulumali mu 2012, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lowateteza. Nkhani ya Lachinayi tinakaisiya kupolisi. Sitinatchule maina, ngakhale tikanatha. Ulendo wina tidzatchula.

Zopempha zathu n'zochepa. Uthenga wa ndondocha ukafika pa foni yanu, musautumize kwa wina. Ngati mukukayikira kuti mwana wina akuzunzidwa, m'nyumba imeneyi kapena ina iliyonse, imbani 116, Linha Fala Criança, n'kwaulere, kapena kauzeni a sekeretale a bairro ndi a Acção Social, abwere adzayendere. Ife tomwe tikufuna aziyendera pafupipafupi. Mukaona munthu wagwa khunyu, muchotseni pafupi ndi moto kapena madzi, ikani chitenje kunsi kwa mutu, mugonekeni chammbali, musamuike supuni kapena chala m'kamwa. Akapitirira mphindi zisanu akuphupha, thamangirani naye kuchipatala. Abusa, ansembe ndi mashehe, nenani zimenezi Lachisanu ndi Lamlungu likudzali.

Loweruka, kuyambira 8 koloko m'mawa, chipata chidzakhala chotsegula, munthu ataima pamenepo kulonda mnyamata uja. Bwerani mudzaone. Amene ali ndi sopo abwere naye, amene ali ndi chigubu abwere nacho chodzaza. Tikufunanso munthu wodziwa kukhoma malata, chifukwa mvula ili pafupi ndipo limodzi mwa mabowo aja lili pamwamba penipeni pa bedi.

Ife makolo, alezi ndi anansi a ku Chimadzi