Chitsulo Si Fupa

Kwathu kwa Kapelula, m'boma la Kasungu, mwana akadandaula maondo akuluakulu amangoseka: "Nyamakazi ndi ya nkhalamba, iwe ukuthawa kuthirira nazale ya fodya." Ndi mmene anamusekera msuweni wanga ali ndi zaka 9. M'mawa maondo ankatupa ndi kuuma, n'kumamasuka dzuwa likakwera, ndipo anthu ankati umenewo ndi umboni wa ulesi. Anamutema mphini, anatchula mfiti, kuchipatala anangomupatsa mapiritsi opha ululu n'kumubweza. Lero ndi namwali wa zaka 19, chiuno chinagwirana, amayendera ndodo.

Tsono anzanga ena pakoleji pano akuti tisonkhe ndalama akamuike chiuno chachitsulo, nkhani ithere pomwepo. Kusonkha ndisonkha nawo. Chimene ndikukana ndi chakuti nkhani ithere pomwepo.

Opaleshoni imeneyi si yachilendo. John Charnley anaikhazikitsa ku Wrightington, ku England, mu 1962. Kuno kwathu chipatala cha Beit CURE, chimene chinatsegulidwa ku Blantyre mu 2002, chinayamba kuika ziuno ndi maondo otere kwa akulu otha kulipira. Zonsezi n'zabwino. Koma chitsulo si fupa, chimaperepeseka ndi kukhwepa. Chingakhale zaka 20 kapena 25, zokwanira gogo wa zaka 70. Nanga wa zaka 19? Adzabwereranso kuti akachisinthe, mwina kawiri, ndipo ulendo uliwonse fupa logwira chitsulocho limakhala litachepa. Kodi bambo wake, amene ndi tenanti, adzasoka fodya wochuluka bwanji kuti alipire?

Matendawa amayamba mwana asanakwane zaka 16. Chitetezo cha m'thupi chimatembenukira mwini wake n'kumadya molumikizana mafupa, ndipo nthawi zina chimawononga maso mwakachetechete. Chizindikiro chake n'chosabisika: bondo kapena chigongono chotupa kwa masabata 6 osaphwa. Akayamba msanga kumwa methotrexate kamodzi pa sabata, pamodzi ndi kuwongola ziwalo, ana ambiri amakula ndi mafupa awoawo. Mankhwalawa ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la WHO. Msuweni wanga sanaphedwe chiuno ndi kusowa kwa chitsulo ayi, koma ndi zaka 10 zimene palibe anatchula dzina la matenda ake.

Musandiuze kuti akatswiri ndi ochepa. Mu 1985 analinso ochepa, koma Dr Edward Blair anayamba kuphunzitsa madokotala othandizira ntchito ya mafupa, ndipo iwowa anafalikira m'zipatala za m'maboma. Chingalephereke n'chiyani kuphunzitsa wa pachipatala chaching'ono kuti mwana wotupa bondo amuwerengere masabata ndi kumutumiza kwa odziwa?

Inu amene mukuphunzira udokotala, ndi inu aphunzitsi athu, mlimi wa fodya aliyense adziwa kuti mmera m'poyamba. Mukadzakhala paudindo, mudzayambire kwa mwana wa zaka 9 uja, chiuno chake chikadali chake.