Othello asabisale kumbuyo kwa Iago

Papita zaka zoposa 400 chichitireni sewero la Othello pamaso pa Mfumu James ya ku England, ku Whitehall, pa 1 Novembala 1604, koma mpaka lero anthu akamachoka kokaonera amakhala atakwiyira munthu mmodzi yekha, Iago. Amamutcha njoka, amamutcha satana. Othello amangomumvera chisoni, amvekere msilikali wa mtima wabwino adagwa m'manja mwa munthu woipa. Ine ndikukana. Iago ndi woipa ndithu, palibe angamuyeretse, koma manja amene adatsamwitsa Desdemona pakama pake anali a mwamuna wake. Changu chimene timakhala nacho pomukhululukira mwamunayo chimandiopsa kuposa mabodza onse a Iago.

William Shakespeare adaitola nkhaniyi m'buku la nthano la Giraldi Cinthio wa ku Italy, la mu 1565. Othello ndi munthu wakuda, mlendo mumzinda wa Venice, koma ndiye mkulu wa asilikali amene mzindawo umadalira. Akwatira mwakabisira Desdemona, mwana wa Brabantio, mmodzi mwa akuluakulu a boma. Kuntchito akweza Cassio kukhala wachiwiri wake, kumudumpha Iago amene adamenya naye nkhondo zambiri, ndipo Iago asunga chakukhosi. Onse atumizidwa ku chilumba cha Cyprus kukatchinga asilikali a ku Turkey, koma namondwe amiza zombo za adaniwo nkhondo isadayambe. Kumeneko Iago aledzeretsa Cassio, pabuka ndewu, Cassio achotsedwa paudindo. Iago yemweyo amulangiza kuti akadandaule kwa Desdemona kuti amunenerere kwa bwana. Kuyambira pamenepo, nthawi iliyonse imene mayi wachifundoyu atchula dzina la Cassio, mwamuna wake akumva ngati chibwenzi chikudziulula chokha.

Anthu ambiri amathamangira ku Cyprus n'kuiwala zimene zidachitika usiku woyamba ku Venice, pamene mlandu wa Othello udagona pomwepo. Usiku umenewo woimbidwa mlandu anali iyeyo. Brabantio adamukokera kubwalo la akuluakulu, akulumbira kuti mwana wake sakadalola munthu wakuda popanda kumudyetsa kondaine. Mtsogoleri wa Venice adayankha kuti kuneneza kokha si umboni. Ndipo Othello mwini wake ndiye adapempha kuti Desdemona aitanidwe adzalankhule yekha, nanena kuti mkaziyo akamutsutsa amulande udindo, ngakhale moyo womwe. Desdemona adabwera, adaima pamaso pa bambo ake ndi akuluakulu onse, nanena kuti adamusankha yekha mwamunayu. Othello adapulumuka chifukwa bwalo lidamva mawu a mkazi n'kuwakhulupirira.

Munthu ameneyu amadziwa bwino lomwe mmene mlandu umazengedwera. Amadziwa kuwawa kwa kunamiziridwa. Nanga bwanji itafika nthawi yoti iye akhale woweruza, mkazi yemwe adamupulumutsa uja sadamupatse mwayi womwewo?

Taonani umboni umene adaphera munthu. Iago adamuuza kuti tsiku lina adagona chipinda chimodzi ndi Cassio ndipo adamumva akubwebweta dzina la Desdemona kutulo. Amenewo ndi maloto a munthu wina, osimbidwa ndi munthu winanso. Kenako kampango kaja, mphatso yoyamba imene Othello adapatsa mkazi wake. Kadagwa pansi chifukwa Othello yemweyo adakakankha pamene Desdemona amafuna kumumanga nako mutu umene amati ukumupweteka. Emilia, mkazi wa Iago, adakatola n'kupatsa mwamuna wake, iye n'kukakaponya m'chipinda cha Cassio. Pomaliza Othello adabisala poteropo n'kumaonerera Cassio akuseka, osamva bwino zokambidwazo, pamene Cassio amaseka za chibwenzi chake Bianca. Umboni wonse ndi umenewu. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa, koma mkulu wa asilikali a Venice adatuma khutu la mnzake kukamumverera za m'nyumba mwake momwe.

Mu 1693 wolemba wina wa ku England, Thomas Rymer, adalinyoza seweroli ponena kuti n'zoseketsa kuti anthu afe chifukwa cha kampango. Kuchepa kwa kampangoko adakuona bwino, koma tanthauzo lake lidamuphonya. Munthu amene wagamula kale mumtima safuna umboni waukulu. M'chigawo chachitatu cha seweroli, Othello akuyamba kucheza ndi Iago ali wokonda mkazi wake, ndipo kuchezako kusadathe wagwada pansi kulumbira kuti akhetsa mwazi, walamula kuti Cassio aphedwe pasadathe masiku atatu, ndipo wamupatsa Iago udindo uja. Apa n'kuti kampangoko asadakaone n'komwe m'manja mwa wina aliyense. Pomwepo Iago, mwachinyengo chake, akuti mkaziyo asiyidwe ndi moyo, ndipo amene akukana ndi Othello. Pambuyo pake Iago adangosintha njira yophera, kuti m'malo mwa poizoni amukanyange pakhosi. Ganizo lakupha lidabadwira mumtima mwa mwini banja.

Ena amati vuto la Othello lidali kukhulupirira munthu wolakwika. Kukhulupirira Iago pakokha sindikuona ngati tchimo, pakuti aliyense m'seweroli adamukhulupirira. Cassio adamukhulupirira, Roderigo, amene amasirira Desdemona, adamukhuthulira ndalama zake zonse, ngakhale Desdemona adalira pamaso pake kumupempha nzeru. Chimene ndikumuimbira mlandu Othello ndi sikelo imene amayezera mawu a anthu. Adamufunsa Emilia, amene amakhala ndi Desdemona usana ndi usiku, ndipo Emilia adalumbira pa moyo wake kuti sadaonepo choipa chilichonse. Othello adangoti ameneyu ndi mtengatenga wa zibwenzi, sangaulule. Desdemona adagwada n'kufunsa chimene walakwa, iye adamutcha hule osamuuza n'komwe dzina la mwamuna amene akumuganizira. Dzina la Cassio adalitchula mkaziyo ali kale pakama la imfa. Desdemona adapempha kuti Cassio aitanidwe adzafunsidwe, monga iye adaitanidwira ku Venice kuja. Adapempha usiku umodzi, adapempha theka la ola, adapempha kanthawi koti apemphere. Zonse zidakanidwa. Akazi awiri onena zoona adalemera pang'ono kuposa mwamuna mmodzi wonama, chifukwa wonamayo anali msilikali mnzake ndipo enawo anali akazi.

N'zoona kuti Desdemona adanama pamene adakana kuti kampangoko sikadatayike. Adanama chifukwa cha mantha, mwamuna atamutuzulira maso. N'zoonanso kuti Emilia adakhala chete pamene kampangoko kamafunidwa, chonsecho akudziwa kumene kadapita. Koma amene adadzaza nyumba ndi mantha mpaka anthu kuopa kunena zoona ndi yemwe uja adamenya mkazi wake mbama pamaso pa Lodovico, mthenga wochokera ku Venice. Ndipo pamenepa pali china chowawa. Lodovico adadabwa, adadandaula, koma Desdemona adamusiya m'manja momwemo. Mayiyu anali pachilumba cha asilikali, bambo ake atamutaya, wopanda nkhoswe, wopanda kothawira. Amuna olemekezeka adaona mbama ija ndi maso awo, madzulo ake n'kukadya nawo phwando.

Sindikunyalanyaza nkhani ya khungu, ndipo wowerenga wa ku Africa sangainyalanyaze. Brabantio amamuitana Othello kunyumba kwake kuti azimusimbira za nkhondo, koma kukhala mkamwini ayi. Venice imafuna lupanga lake, osati magazi ake. Iago adadziwa pamene pali bala ndipo adakanda pomwepo: adamuuza kuti iye ndi mlendo, akazi a ku Venice sawadziwa, ndipo mkazi amene adapusitsa bambo ake n'kusiya anyamata a mtundu wake tsiku lina adzatembenuka. Othello adayamba kudzikayikira, kuti mwina ndi khungu lake, mwina ndi ukalamba. Tsankho limenelo lidalitsatira seweroli kunja kwa bwalo la zisudzo. Kwa zaka zoposa 200 Othello amaseweredwa ndi azungu odzipaka zakuda kumaso. Ira Aldridge, munthu wakuda wa ku America, atasewera mbaliyi ku Covent Garden mumzinda wa London mu 1833, nyuzipepala zina zidamunyoza ndipo adangoonekera masiku awiri. John Kani atasewera Othello ku Market Theatre ku Johannesburg mu 1987, tsankho likadali lamulo ku South Africa, azungu ena adatuluka m'holo poona munthu wakuda akupsompsona mzungu.

Zonsezi zimandithandiza kumvetsa chifukwa chimene bodza lidalowera msanga. Sizimufufutira mlandu. Ndipo amene amati nsanje yakupha ndi chibadwa cha munthu wakuda sadaliwerenge seweroli mpaka kumapeto, pakuti akazi ophedwa ndi amuna awo m'menemo ndi awiri. Iago, mzungu wa ku Venice, nayenso amadyeka ndi nsanje, amaganiza kuti Othello adagonapo ndi Emilia, ndipo Emilia atayamba kuulula adamubaya pamaso pa anthu. Palinso wansanje wachitatu amene timamuiwala, Bianca. Iyenso adaona kampango komweko m'manja mwa Cassio n'kuganiza kuti n'ka mkazi wina. Adakwiya, adamufunsa maso ndi maso, adamubwezera kampango kake. Sadaphe munthu. Nsanje inali imodzimodzi, umboni unali umodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti Othello ndi Iago amakhulupirira kuti moyo wa mkazi ndi katundu wa mwamuna wake.

N'chifukwa chake funso limene ndimafuna lifunsidwe ndi ili: Desdemona akadakhala kuti adachitadi chigololo, kodi imfa yake ikadakhala yoyenera? Timalira chifukwa anali wosalakwa, ndipo Othello naye adayamba kudziona wolakwa atangodziwa kuti adanamizidwa. Asadadziwe, amadziona ngati wopereka chilango cholungama. Ngati misozi yathu ikudalira kusalakwa kwa mkaziyo, ndiye kuti mwakachetechete tavomereza kuti mkazi wolakwa aziphedwa.

Asadadzibaye, Othello adapempha kuti okalemba mbiri yake akamufotokoze ngati munthu amene adakonda mopyola muyeso, amene nsanje siinali khalidwe lake. Katswiri wa zolembalemba A. C. Bradley, m'buku lake la mu 1904, adamumvera n'kumutenga ngati ngwazi yoyera imene idangokodwa mumsampha. T. S. Eliot mu 1927 ndi F. R. Leavis mu 1937 adatsutsa, adati pamenepa munthuyu akudzitonthoza yekha ndi kukonza dzina lake, mtembo wa mkazi uli pambali pake. Ine ndili kumbali ya awiriwa. Kupha kumene kumatchedwa chikondi sikudathere m'mabuku. Lipoti la mabungwe a United Nations lidati m'chaka cha 2023 amayi ndi atsikana pafupifupi 51,100 padziko lonse adaphedwa ndi amuna awo, zibwenzi zawo kapena achibale, ndipo mwa iwo pafupifupi 21,700 anali a mu Africa muno. Kwathu kuno tidamvapo anthu akuti mwamuna wopanda nsanje sakukonda, ena mpaka kumati kumenya ndi mankhwala a banja. Kampango ka masiku ano ndi uthenga wa pa WhatsApp umene mnzako wakutumizira ati pokufunira zabwino.

Munthu amene ndimamugwadira m'seweroli ndi Emilia wa m'chigawo chomaliza. Adachedwa, inde, koma ataona mtembo sadaope lupanga la Othello, sadamvere mwamuna wake pomulamula kuti atseke pakamwa apite kunyumba. Adamutcha Othello chitsiru ndi wakupha, adaulula za kampango, nafera choonadi chimenecho. Iago atagwidwa adakana kufotokoza chifukwa chimene adachitira zonsezi, ndipo akatswiri akhala zaka mazana akufufuza mtima wake. Nthawi imeneyo ikadathera pofunsa za Othello ikadatipindulira koposa.

Aphunzitsi ndi a magulu a zisudzo, mukamaika seweroli patsogolo pa achinyamata, musalole kuti mkwiyo wawo wonse uthere pa Iago. Afunseni kuti ndani adakana kuitana Cassio, ndani adanyoza umboni wa Emilia, ndani adakana kudikira theka la ola. Mayankho ake onse ndi dzina limodzi, ndipo anyamata alitchule ndi pakamwa pawo, atsikana akumva.