Ma Mole Unamsiyira Mulungu?

Wachinyamata mnzanga, ndili nawe mlandu, ndipo lero sindikunyengerera. Pamisonkhano yathu kuno ku Chipata ndamva kangapo konse mawu akuti: "Ine kemisitiri ndimaikonda, koma ma mole ndinamsiyira Mulungu." Anzako amaseka, iwenso umaseka. Ine sindiseka ayi. Ngati ma mole unamsiyira Mulungu, nanga mutuwo anakupatsiranji?

Ndikudziwa mmene zimayambira. Aphunzitsi alemba pabolodi nambala ya Avogadro, 6.02 × 10²³, mtima wako nkuti myu! Kuyambira tsiku lomwelo ukafika patsambalo umangolumpha ngati wakumana ndi linthumbu panjira. Mayeso akayandikira, ukuthamanga ndi cholembera kuti akachipempherere usiku wonse, kapena ukusonkha ndalama ndi anzako kuti mugule mafunso obedwa. Kumbukira kuti mu Okutobala 2018 boma linaimitsa mayeso m'dziko lonse lino chifukwa cha mapepala obedwa, ndipo osalakwa omwe anavutikira pamodzi ndi akubawo. Pemphero sindilinyoza, ndine munthu wa mumpingo. Chimene ndikukana ndicho kubisa ulesi kumbuyo kwa pemphero.

Kodi mole nchiyani kuti uziiopa chotere? Pita ku msika wa Kapata ukaone mai wogulitsa nsawawa. Kodi amawerenga imodziimodzi? Iyai, amayeza ndi meda kapena pasikelo. Ma atomu ndi aang'ono kwambiri moti palibe angawawerenge, choncho akatswiri amawawerenga powayeza kulemera. Mole ndiye meda yawo. Mole imodzi ya madzi imalemera magalamu 18, ya mchere wa m'ndiwo 58.5. Kulemera nkosiyana, koma chiwerengero cha tizidutswa nchimodzimodzi, monga momwe mazira 12 ndi maungu 12 salemera mofanana.

Nayo stoichiometry ndi dzina lokha loopsa. Iwe wa ku Chipata, mzinda wa njinga, ukudziwa kuti njinga imodzi imafuna felemu imodzi ndi mawilo awiri. Uli ndi mafelemu 10 ndi mawilo 14, umanga njinga zingati? Zisanu ndi ziwiri, mafelemu atatu nkutsala. Wayankha osagwira pensulo. Pamene ikwezhoni ikuti ma mole awiri a haidrojeni amakumana ndi mole imodzi ya okosijeni nkupanga ma mole awiri a madzi, ikunena nkhani ya mawilo yomweyo: choyamba kutha ndicho chimalamula.

Tsono tiye kumunda, chifukwa kumeneko ndiko kumandipweteka mtima. Atate ako amagulitsa mbuzi kuti agule thumba la feteleza. Pathumba la Urea palembedwa 46. Kodi unafunsapo kuti 46 ameneyu anachokera kuti? Mole imodzi ya Urea ili ndi kaboni wolemera 12, okosijeni 16, haidrojeni 4 ndi naitrojeni 28. Zonse pamodzi ndi magalamu 60. Gawa 28 ndi 60, upeza magawo 46 ndi kanthu pa 100 alionse. Ndiye kuti m'thumba la makilogalamu 50 muli naitrojeni wokwana makilogalamu 23. Pathumba la D Compound palembedwa 10-20-10, kutanthauza kuti naitrojeni wake ndi makilogalamu 5 okha. D ali ndi ntchito yake pobzala, koma wogulitsa wina akanyengerera atate ako kuti athire D m'malo mwa Urea chimanga chitafika m'mawondo, pafunika matumba oposa anai kuti afike pa naitrojeni wa thumba limodzi. Ndani awachenjeze? Mwana amene amlipirira zonse za kusukulu uja ali phee, akuti anamsiyira Mulungu. Manyazi bwanji!

Molarity ndiyo yokhudza moyo weniweni. Ndi kuchuluka kwa ma mole a chinthu m'lita imodzi ya madzi, basi. Dilipi ya madzi a mchere imene umaiona ikulendewera m'chipatala, kaya ku Chipata Central kaya ku St Francis ku Katete, ili ndi magalamu 9 a mchere pa lita. Gawa 9 ndi 58.5, upeza ma mole 0.154 pa lita, muyeso umene magazi a munthu amaulandira bwino. Pali munthu anakhala pansi nawerengetsa zimenezi, ndipo sanali mzukwa. Anali mwana wa sukulu monga iwe.

Kolera itabuka mu Okutobala 2023, inapha anthu mazanamazana, bwalo la National Heroes ku Lusaka linasanduka chipatala, ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2024. Chida chachikulu pamatenda otere ndi madzi a moyo. Paketi yolembedwa lita imodzi isungunulidwe m'lita imodzi. Koma taona agogo achifundo akuithira yonse m'kapu ya mamililita 250, ati kuti mankhwala akhale amphamvu. Ma mole ndi omwewo, madzi achepa kanai, ndiye kuti mchere ndi shuga zakula mphamvu kanai. Madzi otere amatha kuonjezera kutsegula m'mimba ndi kuika mwana pangozi. Iwe uli pomwepo, yunifolomu ili pathupi, ndipo sukudziwa chonena.

Udzati, "Kusukulu kwathu kulibe zipangizo za mu labu." Dandaulo limenelo nloona m'masukulu ambiri a kumidzi, ndipo akuluakulu ayenera kulimva. Koma masamu a ma mole amafuna pensulo, pepala ndi kukhala pansi. Ndipo iwe mtsikana, amene anakuuza kuti izi nza anyamata anakunamiza, mwina iye yemwe zinamkanika.

Enanso amati sayansi imachotsa munthu kwa Mulungu. Mawu akuti stoichiometry anawayambitsa Jeremias Richter wa ku Germany mu 1792, ndipo kumayambiriro kwa buku lake anaikako vesi la m'buku la Luntha, mutu 11, lokamba za Mlengi wokonza zinthu mwa muyeso. Iye pogwira sikelo anaona dongosolo la Mulungu. Iwe ukuona chiyani, kupatula tulo?

Loweruka likudzali, mukatha kuphunzira nyimbo za kwaya, musabalalike msanga. Khalani pansi pa mtengo wa mango anai kapena asanu, amene akudziwa aphunzitse anzake. Yambani ndi funso ili: mai asungunula magalamu 5.85 a mchere m'theka la lita ya madzi. Muli ma mole angati, ndipo molarity yake ndi yotani? Ukapeza yankho, ukawerenge pathumba la feteleza lili kunyumba kwanu, uwauze atate ako makilogalamu a naitrojeni amene anagula ndi mbuzi ija.