Mphindi 10 musanagwire foni

Ukadandaula kuti maganizo akuchulukira, abale amayankha chimodzimodzi: "Osamaganiza kwambiri, mudwala nazo BP." Amanena ndi mtima wabwino, koma palibe amakuuza kuti kusiya kuganizako kumatheka bwanji. Munthu ali pabedi 2 koloko usiku, maso ali gwa, akuwerengera fizi ya mwana, ngongole ya ku banki mkhonde ndi mawu amene abwana anamuyankha Lachiwiri. Kumuuza kuti asaganize n'kumuonjezera chinthu china choti aziganizira.

Pali njira ina yoyenera kuiyesa, yosalira ngakhale tambala imodzi: kukhala pansi chete mphindi 10 tsiku lililonse n'kumatsatira mpweya wako. Azungu amati meditation. Ine ndimachita m'mawa, madzi osamba ali pambaula, ana asanadzuke, foni ndisanaigwire.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Khalani pampando kapena pamkeka, msana uli wowongoka koma osaumitsa thupi. Tsinzinani, kapena ingoyang'anani pansi. Mverani mpweya ukulowa m'mphuno, mimba ikufufuma, kenako ukutuluka. Potulutsa muziwerenga chamumtima, kuyambira 1 kukafika 10, n'kuyambiranso. Musanafike pa 5 mupeza kuti muli kale kumsika, mukukangana ndi wogulitsa tomato, kapena mukukonza zoti mukamuyankhe mlamu wanu. Mukangozindikira, bwererani pa 1 osadzikalipira.

Ambiri amasiyira pomwepa. Amaganiza kuti m'mutu muyenera kuyera mbee, ndiye akaona maganizo akubwerabe amati zawakanika. Maganizo saleka kubwera, ngakhale kwa amene achita izi zaka zambiri. Ali ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo: ipita uku, ipita uko, chingwe n'kuikumbutsa pamene yamangidwa. Ntchito yonse yagona pa kuzindikira kuti mwachoka ndi kubwerera. Tsiku limene mwabwerera kambirimbiri ndi limene mwaphunzira kwambiri. Pakapita nthawi luso lomweli limakupezani masana, kondakitala wa minibasi akakana kukubwezerani chenji. Mkwiyo mumauona ukukwera musanatsegule pakamwa, ndipo kampata kakang'onoko kamakwana kusankha choti munene.

Kuyendayenda kwa maganizo si vuto lanu nokha. Mu 2010, Matthew Killingsworth ndi Daniel Gilbert a ku yunivesite ya Harvard anatsatira anthu 2,250, n'kumawafunsa pafoni nthawi zosiyanasiyana zimene akuchita, zimene akuganiza ndi mmene akumvera. Anapeza kuti pafupifupi theka la nthawi, 47 peresenti, maganizo a anthuwo anali kwina osati pa chimene akuchita, ndipo nthawi zoterozo ankakhala osasangalala kwenikweni.

Madokotala anayamba kalekale kuiona nkhaniyi. Herbert Benson, dokotala wa mtima ku Harvard komweko, anayeza anthu okhala chete motere n'kuona kuti mtima ndi kapumidwe zimatsika liwiro. Buku lake la 1975 limalangiza mphindi 10 mpaka 20, kamodzi kapena kawiri patsiku. Mu 1979 Jon Kabat-Zinn anatsegula maphunziro a masabata 8 pachipatala cha yunivesite ya Massachusetts, othandiza odwala amene ululu wawo unkakanika mankhwala. Lero maphunziro omwewo ali m'zipatala za m'mayiko ambiri, ndipo mu 2024 bungwe la United Nations linapatula 21 Disembala kukhala tsiku lokumbukira mchitidwewu.

Koma tisakokomeze. Mu 2014 ofufuza a ku yunivesite ya Johns Hopkins anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 47 ndipo anapeza kuti kukhala chete kotereku kumachepetsako nkhawa, kukhumudwa ndi ululu, koma pang'ono, osati modabwitsa. Sanapeze umboni woti kumaposa mankhwala kapena masewera olimbitsa thupi. Ine zimenezi zimandipatsa chikhulupiriro kuposa malonjezo a amene amati moyo wanu usintha m'masiku 7. Katapila sakhululuka ngongole chifukwa mwapuma bwino. Mtengo wa thumba la chimanga sutsika. Chimene chimasintha ndi munthu amene akukakumana ndi zinthuzo, wagonako tulo ndipo sakulusira ana pa zimene sanalakwe.

Ndikudziwa chimene ena akufunsa kale: kodi izi si zachipembedzo cha eni, mwinanso zamizimu? Sindibisa, Kabat-Zinn anaphunzira kwa aphunzitsi achibuda, ndipo njira yotsatira mpweya inasungidwa m'chipembedzo chimenecho zaka zoposa 2,000. Koma mpweya ndi wanu, mphuno ndi zanu, palibe dzina la aliyense limene mukuitana. Benson yemwe uja ankauza odwala ake kuti asankhe liwu kapena pemphero lalifupi la m'chikhulupiriro chawo n'kumalibwereza popuma. Agogo amene amapemphera kolona mbandakucha, ndi Msilamu amene amakhala ndi tasbihi akatha swala, akhala akukhazika mtima pansi mwanjira yofananako kuyambira kale. Chodabwitsa kwa ine n'chakuti timalemekeza munthu wofuula usiku wonse pazokuzira mawu, koma wokhala chete mphindi 10 timamukayikira.

Ena amati alibe malo abata. Zoonadi, m'nyumba zalendi za ku Kawale kapena ku Ndirande, tambala, wailesi ya aneba ndi zidebe za pampopi zimayamba limodzi. Musadikire kuti phokoso lithe, silidzatha. Likabwera limveni, mulisiye lipite, mubwerere kumpweya. Ndipo musawononge bandulo ndi mapulogalamu a pafoni monga Calm kapena Headspace, amene olembetsa amalipira m'madola. Foni ingokuthandizani kutchera alamu, kenako muiike chafufumimba patali. Mukayamba mwatsegula WhatsApp, uthenga wa maliro ndi wokumbutsa ngongole ukhala utakudzazani kale musanakhale pansi.

Chofunika kuposa kutalika kwa nthawi ndi kusadumphitsa masiku. Mphindi 5 tsiku lililonse zimaposa ola lathunthu Lamlungu lokha. Mangirirani mchitidwewu ku chinthu chimene mumachita kale, kaya kuteleka madzi, kaya kutsuka mkamwa, kuti musamachite kukumbukira. Mukaphonya tsiku, mawa lake pitirizani. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo masabata oyamba mwina simuona kanthu kupatula kuyabwa kwa mwendo.

Pali anthu amene ndingawachenjeze. Amene anadutsa m'zoopsa, monga kugwiriridwa, ngozi kapena madzi osefukira, nthawi zina akatsinzina zonse zimawabwerera. Zikatero tsegulani maso, imirirani, muyendeyende, ndipo musadzikakamize. Amene mukumwa mankhwala a BP kapena a matenda a maganizo musawasiye chifukwa mwayamba kukhala chete. Ndipo ngati mwatha masabata osagona, chakudya chosalowa, kapena mukuganiza zodzichotsera moyo, kukhala pamkeka nokha si yankho. Uzani munthu amene mumamukhulupirira, mupite kuchipatala chapafupi. Ku Zomba kuli chipatala cha boma cha matenda a maganizo, ndipo a St John of God amathandiza ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Enanu amene vuto lanu ndi mutu wosapuma basi, tcherani alamu mphindi 10 msanga mawa m'mawa, muyese kwa mwezi umodzi musanagamule.