POSITA SIDZIPANGA YOKHA, AMWENE

Temu yathayi gulu lina la pasukulu pano linandipempha kuti ndilipangire posita ya variety show. Ndinavomera. Ndinagula bandulo ndi ndalama yanga ya mandasi, ndinakatchajitsa foni kumsika, ndipo masiku atatu ndinkagona mochedwa. Atayiona anati dzina la DJ likule. Ndinakulitsa. Mawa lake anati buluu sakumufuna, akufuna zofiira. Ndinasintha. Kenako tsiku la show linasuntha, ndinasinthanso. Tsikulo litafika, kalasi inadzaza mpaka ena kumaonera pawindo. DJ analandira yake, mwini jenereta analandira yake, ngakhale wakabaza amene ananyamula masipika analandira. Ine nditafunsa, yankho linali lakuti, "Aaa amwene, inunso? Si kungodinadina pafoni basi?"

Sindikulemba izi kuti ndikumbutse ngongole, ayi. Ndikulemba chifukwa maganizo amenewa ali ponseponse, ndipo akufooketsa anzathu ambiri amene ali ndi luso lojambula. Ine ndikuti kupanga posita, logo kapena chithunzi cha pa T-shirt ndi ntchito ngati ntchito ina iliyonse, ndipo woyigwira ayenera kupatsidwa ulemu ndi kangachepe.

Kudinako ndi kumapeto chabe. Ntchito yeniyeni imachitika m'mutu. Munthu wodutsa pabolodi pano sayima nthawi yayitali, ndiye wopanga posita ayenera kusankha chimene diso liyambe kuona: chochitikacho, tsiku, malo, kenako mtengo wolowera. Zonse zikakula mofanana, palibe chimene chimawerengeka. Ayenera kudziwa kuti zilembo zachikasu papepala loyera sizioneka patali. Ayenera kudziwa kuti foni imapanga mitundu ndi kuwala, pomwe makina osindikizira amasakaniza inki ya mitundu inayi, n'chifukwa chake buluu wowala wa pafoni amatuluka wozilala papepala. Nanga posita ikakhala yokachita fotokope, monga timachitira kuno? Zofiira ndi zobiriwira zimatha kusanduka zotuwa zofanana, mawu n'kusowa. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwachisawawa chimachepetsedwa, ukachikulitsa nkhope zimaoneka ngati zapakidwa phala. Zonsezi munthu amaziphunzira ataononga mapepala ambiri. Ndiye mukamati "kungodina", mukutanthauza chani?

Amene akuganiza kuti mitundu ndi zizindikiro ndi zachibwana akafunse makolo ake za mbendera yathu. Mu 2010, ambiri a ife tili makanda kapena tisanabadwe, boma la Bingu wa Mutharika linasintha mbendera. Linachotsa dzuwa lofiira lotuluka lija, n'kuika dzuwa loyera lathunthu pakati, ndipo mzere wofiira unakwera pamwamba. Boma linkati dziko latukuka, kunja kwacha kale. Anthu ambiri anakana, mkangano unali waukulu m'mawailesi ndi m'manyuzipepala. Mu 2012, Joyce Banda atakhala mtsogoleri, aphungu anavota kubwezeretsa mbendera yakale. Taganizani, dziko lonse kukangana zaka ziwiri chifukwa cha dzuwa lojambula ndi mizere itatu. Chojambula chimanyamula mtima wa anthu, si zokongoletsa chabe.

Palinso kachizindikiro ka Nike kamene kali pa nsapato zambiri za pakaunjika. Anakajambula ndi Carolyn Davidson mu 1971, ali wophunzira pa yunivesite ku Portland, ku America. Analipidwa madola 35. Ndalamayo inali yochepa poyerekeza ndi m'mene kampaniyo inadzakulira, ndipo mu 1983 eni ake anamuwonjezera mphete yagolide ndi masheya. Koma chimene chimandigwira mtima ine ndi ichi: anali mwana wasukulu, komabe sanamuuze kuti "si kungokhwatcha basi". Anamulipira.

Ndikudziwa zimene ena mukunena chamumtima. "Masiku ano kuli Canva, kuli AI, aliyense angathe." Zoona, zipangizo zafika m'manja mwa aliyense, ndipo inenso ndimazigwiritsa ntchito. Koma kukhala ndi khasu sikuti ndiwe mlimi. Template sidziwa kuti posita yathu ikachitidwa fotokope, sidziwa kuti mawu a Chichewa ndi ataliatali ndipo sakwana pamalo pamene panali mawu achizungu, sidziwanso chimene chingaseketse anthu a Fomu 2. Ngati aliyense angathedi, bwanji simunapange nokha?

Ena akuti, "Ndife ana asukulu, ndalama tiziona kuti?" Apa ndikugwirizana nanu pang'ono. Pali ntchito zina zoyenera kungothandiza, monga chidziwitso cha maliro a mnzathu kapena cha tsiku lodzala mitengo. Koma show yolipiritsa pakhomo ndi nkhani ina. Ngati ya jenereta ilipo, ya posita isasowe. Ikasowadi, nenani poyamba, mugulireni munthu bandulo, ndipo mulole dzina lake lilembedwe pakona ya posita kuti ena amudziwe. Kunamiza munthu ndiye kolakwika.

Tsono nafenso ojambulafe tili ndi mlandu. Timachita manyazi kutchula mtengo, timangoti "mundiganizira", kenako n'kumadandaula kuseri. Pitani pa trading centre mukaone bambo amene amalemba zikwangwani za magolosale ndi kujambula mitu yometedwa bwino pamakoma a barbershop. Iwo aja ndi graphic designer weniweni, kungoti amagwiritsa ntchito bulashi ndi penti. Sakwera makwerero mtengo usanamveke, ndipo ya penti amalandiriratu. Tiphunzire kwa iwo. Gwirizanani mtengo ntchito isanayambe. Landirani theka poyamba. Nenani kuti kusintha ndi kawiri, kachitatu ndi mtengo wina. Mukatero palibe udani.

Mlandu wina ndi wakuba. Timatenga chithunzi cha munthu pa Facebook, n'kufufuta dzina la mwini wake, n'kuikapo lathu. Ambiri timaganiza kuti za COSOMA ndi za oimba okha, koma lamulo la Copyright la 2016 limatetezanso zojambula ndi zithunzi. Sitingalire kuti anthu salemekeza ntchito yathu pomwe ifeyo tikuba ya anzathu. Komanso tisiye kuthira mitundu isanu ndi iwiri ya zilembo paposita imodzi ngati ndiwo zosakaniza. Iwiri ikukwana.

A Fomu 4, nkhani ya ma T-shirt anu otsanzikira yayandikira. Mukamalemba bajeti, pansi pa nsalu ndi kusindikiza onjezani mzere wina wa wojambula. Ndipo iwe amene umajambula kumapeto kwa kope la Biology, aphunzitsi n'kumakukalipira, mvera aphunzitsiwo nthawi ya Biology, koma kujambulako usasiye. Gula kope lakelake. Chitenje chimene avala amayi ako, paketi ya shuga, ndalama ya K200 yokhala ndi nkhope ya Rose Chibambo, chikuto cha buku lako la Chichewa, zonsezi anakhalira pansi munthu kuzikonza, ndipo anadyerapo.

Ine posita yotsatira ndipanga ndithu. Koma tiyamba takambirana.

Mnzanu wa Fomu 3