Kholo limaona za m'mawa, mwana amadziwa za usiku

M'mabanja ambiri mkangano woyamba wa tsiku umabuka dzuwa lisanatuluke, ndipo gwero lake ndi tulo. Kholo likaona mwana wosinkhuka akuvuta kudzuka, limafulumira kunena kuti ndi ulesi. Mwanayo amangokhala chete, chonsecho mumtima akudziwa kuti tulo tinamupeza usiku utapita kale. Onse awiri akunena za chinthu chimodzi, koma aliyense waona mbali yake yokha.

Kusiyana kumeneku kunaonekera poyera m'chaka cha 2006, pamene bungwe la National Sleep Foundation la ku America linatulutsa zotsatira za kafukufuku amene linachita pofunsa achinyamata a zaka 11 mpaka 17 pamodzi ndi makolo awo. Makolo 9 mwa 10 alionse anali ndi chikhulupiriro chakuti ana awo amagona mokwanira kwa masiku angapo pa sabata ya sukulu. Mayankho a anawo anaonetsa zina. Achinyamata 45 mwa 100 alionse ankagona maola osakwana 8 pa masiku a sukulu, ndipo mmodzi yekha mwa 5 ndiye ankakwanitsa maola 9. Ziwerengerozi ndi za ku America, komabe chifukwa chimene makolowo sanadziwire zoona chiliponso pakati pathu: kholo limayamba kugona, ndipo zochitika pambuyo pake silizionanso.

Kwathu kuno mwambo umaonjezera mtunda umenewu. Mnyamata akasinkhuka amachoka m'nyumba ya makolo nakagona ku gowelo kapena ku mphala, ndipo atsikana ambiri amakagona kwa agogo. Ndi mwambo waulemu, woyenera kuusunga, koma zotsatira zake n'zakuti bambo ndi mayi amaona mwana akulowa madzulo ndi kutuluka m'mawa, osadziwa kanthu za maola a pakati. M'matauni monga Tete ndi Ulónguè, chitseko cha chipinda ndi foni yobisidwa m'bulangeti zimachita chimodzimodzi.

Tisanaweruze, tiyenera kudziwa chimene chimachitika m'thupi la mwana akatha msinkhu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, katswiri wa za tulo Mary Carskadon wa ku Brown University ndi anzake anaonetsa kuti pa msinkhu umenewu nthawi imene thupi limafuna kugona imasunthira kutsogolo. Kukada, ubongo umatulutsa timadzi totchedwa melatonin, timene timauza thupi kuti usiku wafika. Mwa wachinyamata timadziti timachedwa kutuluka, mwina ndi ola limodzi kapena awiri, kotero kuti mwana amene kale ankaodzera pa chakudya chamadzulo tsopano amakhala maso ali gwa pamene akulu agona kale. Koma muyeso wa tulo timene thupi lake likufuna sutsika kwenikweni. M'chaka cha 2016 bungwe la madokotala la American Academy of Sleep Medicine linalangiza kuti wa zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10 pa tsiku.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mtsikana amene amadzuka 5 koloko kuti atunge madzi, asese pabwalo ndi kuyenda ulendo wa ku sukulu, ayenera kukhala atagona pofika 9 koloko usiku. Ngati tulo timupeza 11 koloko, wagona maola 6 okha. Pa masiku asanu a sukulu wataya maola 10, ndiko kuti usiku wathunthu sabata iliyonse. Loweruka akachedwa kudzuka, mayi amaona ulesi, pamene thupi likungobweza ngongole.

Pali zinthu zimene mwana yekha ndiye amazidziwa. Iye amadziwa kuti anatembenuka kangati pamphasa, ndiponso chimene chinamuletsa tulo: nkhawa ya mayeso, kusowa kwa ndalama za sukulu, kunyozedwa ndi anzake, chisoni cha maliro, udzudzu, kuzizira kwa mwezi wa June, kapena mauthenga a pa foni amene sanathe kuwasiya. Kawirikawiri sanena, pakuti amaopa kulandidwa foni, kapena anaphunzitsidwa kuti mwana waulemu sadandaula pamaso pa akulu.

Palinso zinthu zimene kholo limaona koma mwana sangazione. Munthu wosowa tulo kwa miyezi yambiri amazolowera kutopa mpaka kuyesa kuti ndi mmene moyo ulili. Mayi ndiwo amazindikira kuti mwana amene anali wansangala wayamba kupsa mtima msanga, kuti akuiwalaiwala, kuti zotsatira za kusukulu zatsika. Ndipo palibe munthu amadzimva yekha akuliza mkonono. Mng'ono wake wogona naye ku gowelo, kapena agogo, ndiwo angachitire umboni ngati mwana amabanika kapena kuleka kupuma kwa kanthawi ali m'tulo.

Motero palibe mmodzi mwa awiriwa amene ali ndi nkhani yonse, ndipo njira yake ndi kufunsana. Akale anati safunsa anadya phula. Funsolo lisabwere m'mawa mitima ili m'mwamba, koma pa nthawi ya mtendere, mwina pobwera kumunda kapena potongola chimanga. Lisakhalenso funso lofuna yankho la inde kapena ayi, pakuti mwana akafunsidwa ngati wagona bwino amangovomera mwaulemu. Kholo linganene kuti, “Mwanawe, ukagona, tulo timatenga nthawi yaitali bwanji kuti tibwere? Umadzidzimuka kangati? Umaganiza chiyani ukakhala maso?” Ngati mwana achita manyazi, azakhali, amalume kapena agogo angathe kumva zimene sangauze bambo ake.

Mukamvana, yesani kwa milungu iwiri kulemba m'kope nthawi yogonera ndi yodzukira. Mwana alembe zake, kholo lilembe zimene laona masana, kenaka muyerekeze. Gwirizanani malo amene mafoni onse a m'nyumba azigona, kuphatikizapo ya bambo, chifukwa lamulo limene akulu salisunga mwana salilemekeza. Tiyi, khofi ndi zakumwa za m'mabotolo zopatsa mphamvu zili ndi caffeine, amene amakhala m'thupi maola ambiri, choncho zisamwedwe dzuwa likapendeka. Neti ikhale yopanda zibowo. Ntchito zina za m'bandakucha zingathe kugwiridwa madzulo, ndipo otsogolera makwaya ndi magulu a achinyamata aonetsetse kuti zokonzekera za pakati pa sabata zikutha nthawi yabwino.

Pali zizindikiro zimene sizifuna kudikira. Mwana akamaliza mkonono waukulu ndi kubanika usiku uliwonse, akamangogwa tulo masana ngakhale anagona maola okwanira, kapena akasowa tulo kwa milungu ingapo pamodzi ndi kukhumudwa, kudzipatula ndi kusafuna kudya, pitani naye kuchipatala. Akayamba kulankhula zofuna kufa, pitani tsiku lomwelo. Musamugulire mapiritsi ogonetsa pamsika, pakuti ena mwa iwo thupi limawazolowera, ndipo sachotsa chimene chayambitsa vutolo.

Kwa inu achinyamata, makolo anu sangachize chimene simunawauze. Kunena kuti, “Amayi, ine usiku sindikugona,” si mwano ayi. Ndipo inu makolo, mwana akalimba mtima kunena mawu amenewa, mumvetsereni kufikira amalize, pakuti akadzudzulidwa pa tsiku loyamba sadzabweranso ndi nkhani yachiwiri, imene mwina ndiyo yaikulu.