Foni ikalira ku Johannesburg, adzadzutsa agogo ndani?

Ana athu ambiri ali kutali: ena ku migodi ya malasha ku Moatize, ena ku Beira, ena ku Johannesburg. Pofuna kuyang'anira makolo okalamba otsala okha kumudzi, ayamba kudalira foni. Pa WhatsApp munthu angathe kuonetsa pamene ali mpaka maola 8. Mawochi ena, monga Apple Watch kuyambira 2018, amazindikira mwini wake akagwa, natumiza uthenga kwa abale, ngakhale mtengo wake ngwosafikirika kwa ambiri a ife.

Zimenezi si zoipa. Koma foni imafuna moto ndi netiweki, ndipo agogo amaisiya m'nyumba popita kumunda. Tsono uthengawo ukafikadi ku Johannesburg pakati pa usiku, mwanayo adzatani? Wodzutsa nkhalamba pansi ndi mnansi wa khomo loyandikana. Nambala yake ndiyo ilembedwe poyamba, ndipo a mumphakati apanganiretu za amene adzathamangireko.

Cinanso, lamulo lacinayi likunena za ulemu. Kuika pulogalamu yolondola mayendedwe a amai anu iwo osadziwa ndiko kuwasandutsa mwana. Afunseni kaye, muwafotokozere cimene cidzaoneke ndi amene adzacione. Akakana, agulireni foni wamba ya mabatani, imene moto wake umakhala masiku angapo, ndipo muziwaimbira madzulo akaweruka kumunda.